Agogo ake a Patrick Star anapezeka m'chipululu

Funsani mwana aliyense kwathu kuno ku Mbayani za starfish, akuuzani za Patrick, mnzake wopepera uja wa SpongeBob. Yeniyeniyo ambirife sitinaigwirepo, ndipo ngakhale mutakwera basi mpaka ku Mangochi simukaipeza. Kanyamaka kalibe ubongo, kalibenso magazi ngati athuwa. Kamakoka madzi amchere n'kumawayendetsa m'timapaipi ta m'thupi mwake, ndipo madziwo ndi amene amasuntha timiyendo take tambirimbiri ta kunsi. Kaponyeni m'Nyanja ya Malawi, kafa basi.

Ndiye tamvani izi. Mmodzi mwa makolo akale kwambiri a starfish anapezeka mu Africa momwe muno, m'miyala ya Fezouata kufupi ndi Zagora ku Morocco, dera louma m'mphepete mwa Sahara. Zaka pafupifupi 480 miliyoni zapitazo malowo anali pansi pa nyanja. Matope anakwirira tinyama ta m'menemo, kenaka anasanduka mwala, mawonekedwe a tinyamato n'kutsala pamwalapo.

Mu 2021 akatswiri awiri, Aaron Hunter ndi Javier Ortega-Hernández, anakafotokoza kanyamaka. Manja kali nawo asanu ndithu, koma otambalala, ooneka ngati nthenga. Timafupa tomwe timazinga m'mphepete mwa thupi la abale ake obwera pambuyo kalibe. M'kapangidwe ka manjawo kamafananako ndi ma crinoid, nyama zooneka ngati maluwa zomwe zimakhazikika pansi pa nyanja, pakamwa poloza kumwamba, n'kumasefa chakudya m'madzi. Starfish ya lero pakamwa pake pali pansi, ndipo imayenda n'kumasaka nkhono. Mwala wa ku Morocco ukutionetsa kufupi ndi poyambira pa kusinthako.

Chomwe chandikhalira pamtima ine ndi dzina: Cantabrigiaster fezouataensis. Mawu oyambawo akuchokera ku Cambridge. Mwala wa ku Africa, koma dzina lotsogola n'la kwa eni ma laboratory. Sindikuti anaba ayi, ntchito anaigwiradi. Koma amene wafufuza ndiye amatcha dzina, ndipo dzinalo silichoka msanga.

Ifenso zinatichitikira. Mafupa a dinosaur a ku Karonga, Sidney Haughton anawatcha Gigantosaurus dixeyi mu 1928. Dzina loti Malawisaurus linabwera mu 1993, ndipo m'gulu la omwe analipereka munali Mmalawi, Elizabeth Gomani. Mu 2005 mayiwa anatchanso dinosaur ina kuti Karongasaurus. Angati a ife tinamvapo za iwo m'kalasi?

Chigoba cha Malawisaurus chaimikidwa ku myuziyamu ya Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kwa wa ku Mbayani ndi ulendo wa usiku wonse kuchoka pa Wenela. Mukakafika werengani dzina lonse: Malawisaurus dixeyi. Mbali yachiwiriyo ikadali ya Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda.