Kodi Wogaŵa Mankhwala Amayesedwa Bwanji?

Wodwala aliyense wa kuno ku Domasi, kaya wapita ku chipatala cha Mishoni kaya ku chipatala chachikulu cha ku Zomba, ulendo wake umathera pa zenera la mankhwala. Dokotala akhoza kuipeza nthenda bwino lomwe, koma wa pazenerapo akalakwitsa, zonse zapita pachabe. Nanga ntchito ya munthu ameneyu imayesedwa ndi muyeso wotani?

Akuluakulu akadza kudzayendera, amayamba ndi makhadi. Mtundu uliwonse wa mankhwala uli ndi khadi lake, pamene amalembapo zoloŵa, zotuluka ndi zotsala. Woyendera amaŵerenga makatoni ndi mabotolo. Chiŵerengero chikasiyana ndi cha pa khadi, mafunso amayamba. Amaonanso ngati mankhwala otsala pang'ono kutha mphamvu ndiwo akuyamba kugaŵidwa. Kukhwimitsa kotere kuli ndi chifukwa chake: kuba mankhwala kunakula m'dziko muno kotero kuti m'chaka cha 2016 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa nthambi yofufuza milandu imeneyi.

Koma khadi silinena zonse. Aphunzitsife timadziŵa kuti kaundula wolembedwa bwino si umboni wakuti ana amva phunziro. Tiyeni titenge LA, mankhwala a malungo amene Amalaŵi tinayamba kulandira m'chaka cha 2007. Amamwedwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku atatu. Wamkulu amalandira mapiritsi 24, mwana amapatsidwa molingana ndi kulemera kwake. Amagwira bwino ntchito akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga phala la nsinjiro. Tsono mayi akangopatsidwa paketi osauzidwa kanthu, amaleka kumwetsa tsiku lachiŵiri poona mwana wayamba kuseŵera, otsalawo n'kusungira wina. Malungo amabwerera, chikhalirecho khadi likuonetsa kuti zonse zili m'malo.

Chifukwa chake woyendera wanzeru amayamba waima pambali pa mzere namvetsera. Kodi wodwala wauzidwa kuti abwereze zimene wamva? Nanga agogo osadziŵa kuŵerenga alongosoleredwa mofatsa? Poweruza asaiŵalenso kuti munthu mmodzi wotumikira mzere wofika kumsewu sangafanane ndi mnzake amene ali ndi omthandiza.

Makolo, inunso mbali yanu ilipo. M'zipatala zazing'ono za boma, a komiti yosankhidwa m'midzi amayenera kukhalapo mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto, ndi kusaina monga mboni. Kafunseni kuti woimira mudzi wanu ndani, ndipo anasaina liti komaliza.