Kuchokera pa Mafuwa Kufika pa Makabati: Kusankha Wogulitsa ndi Mmisiri wa Khitchini

Khitchini ya makolo inali kanyumba kapadera kuseri kwa nyumba yogona. Mwamuna ankazika mitengo ndi kufolera udzu, mkazi ankaphoma zipupa ndi kuzira pansi. Pakati pankakhala mafuwa atatu, ndipo pamwamba pa moto ankamanga nsanja yoikapo chimanga cha mbewu kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Miphika, nkhali ndi mitsuko ankaumba ndi amayi a m'mudzi momwemo. Wogula mphika ankaugogoda ndi chala n'kumvetsera kalirilidwe kake, ndipo mng'alu ukakhalapo unkamveka pomwepo. Chilichonse cha m'khitchinimo chinali poyera, ndipo wochipanga anali munthu wodziwika dzina, mtundu ndi khomo lake.

Umisiri wa matabwa ocheka ndi njerwa zowotcha unafala ndi mamishoni. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo anthu amene anachimanga motsogozedwa ndi David Clement Scott ankaphunzira ntchitoyo ali pa ntchito pomwepo. Kumpoto, sukulu ya Overtoun imene Robert Laws anatsegula ku Khondowe mu 1894 inkaphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga. Dziko litalandira ufulu mu 1964, bungwe la Malawi Housing Corporation linamanga nyumba zambiri za ogwira ntchito m'matauni, ndipo m'nyumba zoterezi khitchini inalowa pansi pa denga limodzi ndi chipinda chogona. Kanali kachipinda kakang'ono, ka mpopi umodzi ndi sinki imodzi.

Khitchini ya makabati okhomerera kukhoma, imene ambiri akuifuna lero, inachokera kutali. Mu 1926 mayi wina wa ku Austria wojambula mapulani a nyumba, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonza khitchini ya nyumba za anthu wamba mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Inali yopapatiza, mamita osakwana awiri m'lifupi, koma chilichonse chinali ndi malo ake poyeza mayendedwe a munthu wophika. Phunziro la khitchini imeneyo limaiwalika kawirikawiri: anayamba wayeza ntchito ya wophika, makabati n'kubwera pambuyo.

Wophika wa ku Malawi ali ndi ntchito yakeyake. Kuvundula nsima ya banja la anthu asanu ndi atatu kumafuna mphamvu ya phewa lonse, ndipo poto akakhala pamwamba kwambiri mthiko umalemera. Thebulo lophikira la m'makatalogi limakhala lotalika masentimita pafupifupi 90 ndi 60 kulowa kukhoma. Muyeso umenewu ndi wabwino podula ndiwo ndi potsuka mbale, koma mayi wamfupi wophika nsima pa poto wamkulu angafune malo otsikirapo. Ufa umagulidwa kapena kugayitsidwa wochuluka, choncho umafuna malo a ndowa kapena thumba, osati kashelefu ka mapaketi. Komanso nyumba zambiri za m'tauni zimaphika ndi moto wamitundu iwiri kapena itatu. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawati 130, ndipo mabanja amene ankadalira chitofu cha magetsi chokha anabwerera ku mbaula. Khitchini yoganiziridwa bwino imasiya malo a gasi, malo a magetsi, ndi khonde lopita mphepo la mbaula ya makala kapena ya Chitetezo. N'chifukwa chake munthu woyamba kufunsidwa asakhale wogulitsa kapena mmisiri, koma amene amaphika m'nyumbamo tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri ndalama amatulutsa ndi wina, wophika ndi wina, ndipo khitchini zambiri zokongola zimavuta kugwiramo ntchito chifukwa awiriwa sanakhale pansi.

Zofunika zikadziwika, pamabwera anthu awiri osiyana: wogulitsa zipangizo ndi woziika. Pali njira ziwiri zowapezera. Makampani ena amayeza, kudula matabwa, kubweretsa ndi kukhoma okha. Mtengo wawo umakhala wokwera, koma chikalakwika wofunsidwa ndi mmodzi. Njira inayo, imene ambiri amatsata, ndi yoti mwini nyumba agule yekha katundu ku mahadiweya a ku Limbe kapena a mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe, n'kulemba kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Mchesi kuti amulipire leba yokha. Njirayi imapulumutsa ndalama, koma ili ndi mpata woopsa pakati. Chitseko cha kabati chikapindika, kalipentala amati thabwa linali loipa, wogulitsa amati mmisiri sanalisamale, ndipo mwini nyumba amatsala pakati. Wosankha njira imeneyi amachita bwino kupita kogula limodzi ndi mmisiri wake, kuti mmisiriyo avomereze katunduyo ndi maso ake asananyamulidwe.

Nkhani yaikulu pa zipangizo ndi thabwa, chifukwa ndi pamene maso amanamizika. Amakolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabwa a makabati amakono amabwera atakutidwa ndi khungu losalala loyera kapena lofanizira mtengo, ndipo akaima m'sitolo onse amaoneka ofanana. Kusiyana kwake kuli m'mphepete, pamene adulidwa. Thabwa la chipboard ndi zinyenyeswa za mtengo zomatidwa ndi guluu. Ndi lotsika mtengo, koma madzi akalowa m'mphepete mwake limafufuma ngati buledi wonyowa ndipo silibwereranso. La MDF ndi la ufa wa mtengo wotsenderezedwa. Limasalala bwino, limalandira penti, ndi loyenera zitseko za makabati, koma nalonso limaopa madzi. Plywood ndi bulokubodi, zomwe zimapangidwanso m'dziko momwemuno ku fakitale ya Raiply ku Chikangawa, zimagwira sikuluu mwamphamvu ndipo zimapirira chinyezi kuposa ziwiri zija. Muyeso wofala wa thabwa limodzi ndi mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, ndipo la makabati limayenera kukhala lochindikala mamilimita 16 kapena 18. Wogulitsa wodalirika amatchula mtundu ndi kuchindikala kwa thabwa pa koteshoni. Wongolemba kuti "mabodi khumi" wasiya khomo lotsegula loti abweretse china chilichonse.

Malo a pansi pa sinki ndi amene amaonetsa nzeru za mmisiri. Mpopi uliwonse tsiku lina umadontha. Amisiri ambiri akale amakonda kuumba thebulo la konkire ndi timakoma ta njerwa, kuika matailosi pamwamba, n'kukhoma zitseko zokha za matabwa kutsogolo. Ena amaiona ngati njira yachikale, koma m'nyumba imene amakolopa ndi madzi ambiri m'mawa uliwonse, kumenenso chiswe chimalowa kudzera pansi, khitchini yotere imakhala zaka zambiri. Ngati makabati ndi a matabwa okhaokha, ayenera kukhala pa timiyendo kapena pa kachiunda ka simenti kuti asakhudze madzi a pansi.

Matabwa ocheka nawo ali ndi zawo. Paini wambiri amachokera ku nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, imene inabzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Paini ndi wofewa ndipo amafuna mankhwala oteteza ku chiswe ndi kufumbwa. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba ndi yokongola, koma yatha m'nkhalango zambiri, ndipo wogula ali ndi chifukwa chofunsa kumene thabwalo lachokera. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Wina akautsatsa kuti ndi wa makabati, ndi bwino kuukana. Mtengo uliwonse uyenera kukhala wouma. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo likauma lili kale pa kabati limapindika n'kusiya mipata yolowera mphemvu.

Tizipangizo ting'onoting'ono ndi timene timayamba kufa: mahinjesi, njanji za madilowa, zogwirira, mipopi. Kabati imatsegulidwa kangapo patsiku, chaka ndi chaka, ndipo hinjesi yopepuka imalefuka thabwa likadali labwino. Apa ndi posayenera kuumira. Pa simenti, mawaya ndi mapaipi, wogula amayang'ana chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, kapena cha bungwe lotere la dziko limene katunduyo wachokera. Simenti yokhalitsa imagwirana mibulu m'thumba, ndipo imeneyo yatha mphamvu. Lisiti yeniyeni, yolembedwa dzina la sitolo, tsiku ndi mtundu wa katundu, ndiyo mboni yokha ngati pangafunike kubweza chinthu kapena kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, komwe amalandira madandaulo a ogula.

Mitengo nayo siima. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo matailosi, masinki ndi mahinjesi ambiri ndi ochokera kunja. Koteshoni iyenera kunena masiku amene mtengowo ukhala usanasinthe. Matailosi amagulidwa onse nthawi imodzi, ndi ena apadera owonjezera, chifukwa mtundu womwewo ukabwera ulendo wina umatha kusiyana maonekedwe, mwinanso osapezekanso.

Mmisiri amadziwika ndi mapepala komanso ndi ntchito ya manja ake, ndipo ziwirizi sizilemera mofanana pa ntchito iliyonse. Makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia amatulutsa akalipentala, omanga ndi mapulambala, ndipo bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro oterewa.  Komabe akalipentala ambiri aluso anaphunzira pa shedi ya amalume awo ndipo alibe pepala lililonse. Kwa kalipentala ndi woika matailosi, umboni woposa satifiketi ndi khitchini imene anaimaliza zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Zithunzi za pa WhatsApp ndi pa Facebook sizikwanira, chifukwa chithunzi chimatha kukhala cha ntchito ya munthu wina, ndiponso ntchito yatsopano iliyonse imawala. Wofuna mmisiri amapempha kukaona nyumbayo, kutsegula madilowa, kusuzumira pansi pa sinki, ndi kufunsa eni ake ngati mmisiriyo anamaliza pa nthawi yake komanso ngati anabweranso ataitanidwa kudzakonza cholakwika.

Pa magetsi ndi gasi, pepala ndi lofunika ndithu, chifukwa cholakwika chake chimapha. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa oika mawaya m'nyumba. Chitofu cha magetsi chimafuna waya wakewake wochindikala, kawirikawiri wa masikweya milimita 6, wochokera ku bokosi la magetsi ndi swichi yake, osati kulumikizidwa ku soketi wamba. Masoketi sayenera kuyandikana ndi sinki. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akatuluka amatsikira pansi n'kuunjikana. Silinda siyenera kutsekeredwa m'kabati yopanda mabowo, ndipo malo ake abwino ndi kunja, m'kanyumba kopita mphepo.

Mmisiri wabwino amaoneka tsiku loyamba. Amabwera ndi tepi, sikweya ndi levulo, amayeza khoma pamwamba, pakati ndi pansi podziwa kuti makoma ambiri si owongoka, amafunsa kumene mapaipi adutsa, ndipo amajambula pa pepala chimene wamva. Wotchula mtengo asanayeze amakhala akungoyerekeza, ndipo kusiyana kwake adzakufuna pakati pa ntchito. Makoteshoni atatu a ntchito imodzimodzi amathandiza kuona mtengo weniweni. Yotsikitsitsa imafunika kuiwerenga kawiri, kuti zioneke zimene yasiya.

Mgwirizano umalembedwa, ngakhale mmisiriyo ndi wa mpingo umodzi kapena wachibale. Tsamba limodzi limakwana: ntchito yonse, mtundu wa zipangizo, wogula ndani, wonyamula ndani, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi kalipiridwe. Dipoziti imakhala gawo chabe, ndalama zina n'kumaperekedwa gawo lililonse la ntchito likatha. Kulipira kudzera ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kumasiya umboni umene ndalama ya pamanja siisiya. Amene akumangitsa ali ku Joni kapena ku Ulaya amafunika kukhala ndi munthu wokaona ntchito ndi maso, wosiyana ndi amene akusunga ndalama.

Ntchito yokha ili ndi ndondomeko yake. Zogumula zimayamba, kenako pulambala ndi wa magetsi amaika mapaipi ndi mawaya makoma asanapakidwe pulasitala. Mapaipi amayesedwa ndi madzi asanakwiriridwe. Thebulo la konkire limathiriridwa madzi masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo limafika pa mphamvu yake yonse pakatha masiku 28. Matailosi a pansi amatsatira, kenako makabati, sinki, ndi matailosi a kukhoma. Kalipentala amatenga muyeso wake womaliza pulasitala atauma, chifukwa pulasitala amadya masentimita amene kabati inawerengeredwa.

Tsiku lolandira ntchito, mwini nyumba ndi wophika amayendera khitchini pamodzi ndi mmisiri. Amadzaza sinki n'kutsegula kuti madzi atsike onse nthawi imodzi, dzanja lili pa mapaipi a pansi kufufuza chinyezi. Amagogoda matailosi limodzi ndi limodzi, ndipo lolira ngati ng'oma ndiye kuti pansi pake pali mphako ndipo lidzasweka. Amaika levulo pa thebulo, amatsegula ndi kutseka chitseko chilichonse, amayesa soketi iliyonse, ndipo polumikizira gasi amapakapo thovu la sopo kuti aone ngati pakutuluka mpweya. Zolakwika zimalembedwa pa pepala, ndipo gawo lomaliza la malipiro, limene anagwirizana poyamba kuti lidzatsala, limaperekedwa zonsezo zikakonzedwa ndipo khitchiniyo yaphikidwamo kwa milungu ingapo.