Kadontho kamene kanaimika mitu asilikali a ku America

Ndivomere poyamba: kanemayu anandithera bandulo. Ndi wa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, wosaoneka bwino, ndipo chimene umaona ndi kadontho basi, kakuyandama pakati pa sikirini kenako n'kuthawira kumanzere. Mnzanga amene ndinamutumizira pa WhatsApp anangoyankha kuti, "Aise, ntchentchetu iyi." Komatu kanemayu anamutulutsa ndi a Pentagon, likulu la zachitetezo ku America, mu Epulo 2020, ndipo anavomera kuti chinthucho sakuchidziwa.

Anamujambula mu Novembala 2004, panyanja kufupi ndi San Diego. Tsiku lomwelo David Fravor, woyendetsa ndege yankhondo yochokera pa sitima ya USS Nimitz, anatumidwa kukaona zinthu zimene rada inkaonetsa kwa masiku angapo. Akuti anapeza chinthu choyera, chotalika mamita pafupifupi 12, chopanda mapiko ngakhale utsi, chikuvina pamwamba pa madzi. Atachiyandikira, chinangoti zii.

Aka sikanali koyamba asilikali kufufuza zoterezi. Kuyambira 1952 mpaka 1969 gulu lankhondo la m'mlengalenga linali ndi ofesi yotchedwa Project Blue Book ku Ohio. M'mafayilo ake munali malipoti 12,618. Ambiri anapezeka kuti anali nyenyezi, mabaluni, mitambo kapena ndege wamba, koma 701 anakhala opanda yankho.

Chimene chinandikwiyitsa nditawerenga ndi ichi. M'zaka za m'ma 1950, CIA inkaulutsa mwachinsinsi ndege yaukazitape ya U-2, pamwamba kwambiri kuposa pomwe anthu ankaganiza kuti ndege ingafike. Kunja kukamada pansi pano, dzuwa linkawalabe pa mapiko ake, ndipo oyendetsa ndege zonyamula anthu ankaona ngati moto ukuyenda kumwamba. Akakanena, ofufuza ankadziwa bwinobwino kuti ndi U-2, koma ankawayankha kuti ndi zanyengo chabe. Tangoganizani: waona chinthu chenicheni ndi maso ako, boma likudziwa kuti sukunama, koma likukusiya kuti anzako azikuseka. Nanga mawa ungadzanenenso?

Mantha osekedwawa ndi amene lipoti la boma la Juni 2021 linadandaula nawo. Pa nkhani 144 zimene linaunika, imodzi yokha ndi imene inadziwika: baluni yophwa. Mu 2022 anatsegula ofesi ina, AARO, ndipo mu Malichi 2024 inanena kuti sinapeze umboni uliwonse wa zamoyo zochokera ku mapulaneti ena.

Ine ndinakhumudwa pang'ono, sindinama, ndinkafuna alendo a mitu ikuluikulu aja. Koma asilikali mutu wawo uli pena: ngati chinthu chikuuluka pamwamba pa sitima zawo iwo osachidziwa, mwina ndi cha mdani. Mu Febuluwale 2023 baluni yaikulu ya ku China inadutsa dziko lonse la America anthu akuijambula pa mafoni, mpaka ndege yankhondo inakaigwetsera m'nyanja kufupi ndi South Carolina.