Osula Ndalama ndi Ozisunga

Aegina ndi chilumba chaching'ono cha ku Greece, koma zaka zoposa 2,500 zapitazo anthu ake ankasula ndalama zasiliva zokhala ndi chithunzi cha kamba wa m'nyanja, ndipo amalonda a m'madoko akutali ankazilandira. Munthu wa ku Likoma, amene moyo wake wagona pa nyanja ndi sitima ya Ilala, sangadabwe kuti anasankhiranji nyama ya m'madzi. Mmisiri ankagoba chithunzi pa chidindo cholimba, kenako wosula n'kuika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri, n'kumenya ndi hamala. Mzinda wa Athens unkaika kadzidzi, mbalame imene kuno timaiopa, pa ndalama yolemera magalamu 17, ndipo siliva wake ankakumbidwa ndi akapolo ku Laurion. Ku Syracuse, cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, amisiri Kimon ndi Euainetos ankalemba maina awo pa zidindo zawo, umboni woti ankanyadira luso lawolo.

Luso limeneli tikulidziwa lero chifukwa cha anthu osunga ndalama zakale, ndipo ine ndikuti imeneyi ndi ntchito yeniyeni. Amayeza ndalama pa sikelo, amafananiza zidindo, amatulukira zachinyengo, amalembanso komwe iliyonse inapezeka. Ena amati awa ndi masewera a anthu olemera, komanso kuti msika wake umalimbikitsa akuba okumba m'mabwinja usiku. Dandaulo lachiwirili ndi loona ndipo limandipweteka, pakuti ndalama yozulidwa mobisa imataya mbiri ya malo ake mpaka kalekale. Koma mankhwala ake ndi wosunga wachilungamo, wokana kugula ndalama yosadziwika gwero lake. Zoti n'za olemera okha si zoona, chifukwa ntchitoyi imayambira pa diso ndi kope lolembamo.

Ifenso tili ndi zathu. Ndalama zoyamba za Malawi, za 1964, zinajambulidwa ndi Paul Vincze: tambala pa sikisipensi, chimanga pa sheleni, njovu pa masheleni awiri. Kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971, zakalezo zinayamba kusowa. Inu a ku Likoma ndi Chizumulu amene agogo anakusiyirani makobidi otere, musawakwechese ndi mchenga, musawagulitse mothamanga kwa alendo. Lembani mwini wake ndi komwe anawapeza, muwaonetse ana asukulu.