Kuyatsa Babu la M'khola ndi Foni

Ambiri mwa inu amene munamaliza maphunziro mukuweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Mtendere, Chawama kapena George, kwinaku mukugwira ntchito m'tauni. Masiku ano kwabwera pulagi yomvera foni, imene amalonda amaitcha smart plug. Mukailowetsa pa soketi ndi kuilumikiza ku Wi-Fi, mungayatse babu la m'khola muli ku City Market, kapena kuiikira nthawi kuti iziyatsa ndi kuzimitsa yokha. Nkhuku zoikira mazira zimafuna kuwala kwa maola pafupifupi 16 pa tsiku, ndipo dzuwa la ku Lusaka silifika pamenepo. Pulagiyo imakwaniritsa maola otsalawo popanda wina kudzuka mbandakucha.

Koma tisanathamangire kugula, tikumbukire chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi maola 17 pa tsiku, mwinanso kuposa. Magetsi akazima, pulagi ndi router zimafa pamodzi, foni n'kusowa choilamula. N'chifukwa chake ife timalangiza kuyamba ndi sola, batire ndi inivita. Pulagi ibwere pambuyo. Ngakhale zili choncho, musadalire batire pa anapiye. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo babu lotenthetsa limamaliza batire yaing'ono kusanache. Mbaula ikhale pafupi.

Mapulagi ambiri amagwira pa Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, choncho funsani musanalipire. Inu a ku Kanyama, kumene madzi a mvula amalowa m'nyumba, soketi ikhale m'mwamba. Ngati nyumba ndi ya lendi, mwini wake adziwe musanaboole khoma.