Chule ndi ndiwo ya aliyense, nanga bwanji saatha?

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, usiku pa Mchinji Boma pamangomveka achule okhaokha. Olirawo ndi aamuna, akuitana aakazi. Koma akasonkhana chonchi, adani nawo amadziwa kuti chakudya chapsa.

M'madambo otsikira ku mtsinje wa Bua, womwe gwero lake lili m'mapiri a konkuno, chule ndi ndiwo ya aliyense. Nantchengwa ndi kakowa amamutola masana, ng'azi ndi njoka zimamusaka, mlamba nawo umameza mbululu. Chomwe chimandichititsa chidwi ine n'chakuti chaka chilichonse achule amabweranso ambirimbiri.

Mtundu uliwonse uli ndi nzeru zake. Chule wa khungu lokhakhala uja, amene timamupeza pakhonde akudya ngumbi, ali ndi zotupa ziwiri kuseri kwa maso zotulutsa poizoni wooneka ngati mkaka. Galu akamuluma amachita thovu kukamwa. Wamkazi amaikira mazira oposa 10,000 nthawi imodzi, moti ngakhale ambiri adyedwe, ena amapulumuka ndithu. Finye amadzitukumula ngati mpira kuti avute kumeza, ndipo mazira ake amaikira m'nthaka, komwe mlamba sungafike. Palinso wina amene amaikira mazira m'thovu loyera panthambi ya pamwamba pa chithaphwi, mbululu n'kumagwera m'madzi zitakhwimako.

Adani nawo sanagone. Pali njoka zina zoyenda usiku zomwe poizoni uja sazichita kanthu, ndipo achule okhakhalawo ndiye nsima yawo.

Kulimbana kumeneku ndi komwe kumasunga dambo. Achule amachepetsa tizilombo m'madimba, mbululu zimadya ndere m'madzi, ndipo mbalame ndi njoka zimaletsa achule kuchuluka mopyola muyezo.

Mdani amene chule alibe naye pothawira ndi ifeyo. Chule amamwa madzi kudzera pakhungu, choncho tikatsukira sipuleya ya mankhwala a tomato kapena fodya mumtsinje, mankhwalawo amamulowa m'thupi. Kafukufuku wa padziko lonse wa mu 2023 anapeza kuti mitundu 41 pa 100 iliyonse ya achule ndi abale awo ili pachiopsezo chotheratu.

Anzanga amene mwayamba ulimi wa dimba, tsukirani sipuleya kutali ndi madzi, ndipo polima siyaniko kaudzu m'mphepete mwa dambo. Chule wapakhonde uja musamuphe, akukugwirirani ganyu waulere.