Mafilimu opambana onse: amawasanja ndani, nanga amawasanja motani?

Okonda mafilimu akakhala pamodzi, sipatenga nthawi wina asanafunse kuti: kodi filimu yopambana zonse ndi iti? Amene anakhalapo pakati pa achinyamata pamene akukambirana funsoli akudziwa kuti silitha msanga. Wina atchula ya karati, wina ya nkhondo, wina ya chikondi ya ku Nigeria, mpaka mmodzi wa iwo adzanene kuti si bwino kuyerekeza zinthu zosiyana chotere, ndi bwino ayambe agawa kaye mitundu ya mafilimu, kenaka asanje mtundu uliwonse paokha. Onse avomera, poganiza kuti mkangano watha. Komatu apa ndi pamene wayambira mkangano wina, waukulu kuposa woyamba uja: mitunduyo ikhale iti, ikhale ingati, nanga aitchule ndani?

Mlimi wa fodya amadziwa kuti asanamange belo ayenera kusankha masamba m'magiredi, ndiponso kuti tsamba lomwelo litha kugulidwa bwino kapena kugwa mtengo malinga ndi mulu umene laikidwamo. N'chimodzimodzi ndi mafilimu. Amene wakonza milu wagamula kale mbali yaikulu ya zotsatira, mavoti asanaponyedwe n'komwe. Zimenezi zikuoneka bwino tikaika pamodzi mindandanda itatu yotchuka, yomwe inakonzedwa m'njira zosiyana.

M'mwezi wa June 2008, bungwe la American Film Institute linalengeza mndandanda wa mafilimu 100 a ku America, ogawidwa m'mitundu khumi, mtundu uliwonse mafilimu khumi. Bungweli linayamba lasankha lokha mafilimu 500, ndiye kuti 50 pa mtundu uliwonse, n'kuwapereka kwa anthu pafupifupi 1,500 odziwa za ntchitoyi kuti avote. Mitundu yake inali iyi: makatuni, nthano za zodabwitsa, zopeka za sayansi, akauboyi, zigawenga, zamasewera, zofufuza chinsinsi, chikondi chophatikiza nthabwala, milandu ya m'khoti, ndi mafilimu aakulu osimba mbiri ya zinthu zikuluzikulu. Pa zigawenga inapambana The Godfather ya 1972. Pa milandu ya m'khoti inapambana To Kill a Mockingbird ya 1962, ndipo pa zamasewera Raging Bull ya 1980 inaposa Rocky, zonse ziwiri za ankhonya.

Tsono taonani zimene zinasowa. Mulu wa mafilimu a nkhondo panalibe, choncho All Quiet on the Western Front ya 1930 ndi Saving Private Ryan ya 1998 zinakankhiridwa ku mulu wa mafilimu aakulu uja. Wa chipembedzo panalibenso, choncho Ben-Hur ya 1959 ndi The Ten Commandments ya 1956 zinalowa mommo, ina pa nambala 2, ina pa nambala 10. Schindler's List, yosimba za kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Hitler, inakhala pa nambala 3, pomwe Titanic inali pa nambala 6. Mose akuwolotsa Aisraele pa Nyanja Yofiira, sitima ikumira pamodzi ndi anthu okondana, Ayuda akutsekeredwa m'ndende zowapheramo: zonsezi zinayezedwa ndi muyezo umodzi, womwe ndi kukula kwa filimu ndi kuchuluka kwa anthu ooneka m'menemo. Ovota sanalakwe kanthu. Iwo anayankha funso limene anafunsidwa.

Zaka 13 m'mbuyo mwake, mu 1995, dziko lapansi linkakumbukira kuti papita zaka 100 kuchokera pamene abale awiri a banja la Lumière anaonetsa kanema kwa anthu olipira pakhomo mumzinda wa Paris, pa 28 December 1895. Pokondwerera chakachi, nthambi ya ku Vatican yoona za kufalitsa nkhani, yomwe pa nthawiyo inkatsogozedwa ndi Ambuye Arkiepiskopi John Foley, inatulutsa mndandanda wa mafilimu 45. Sinawagawe potsata mtundu, monga kunena kuti iyi ndi ya akauboyi, iyo ndi ya makatuni. Inawagawa potsata zimene filimu ikusenza, m'magulu atatu a mafilimu 15 lililonse: chipembedzo, makhalidwe, ndi luso. Sinaikenso manambala onena kuti iyi ndi yoyamba, iyi ndi yachiwiri, ndipo mutu wake unangoti ndi ena mwa mafilimu ofunika.

Chifukwa funso linasintha, mafilimu omwewo anapezeka ali ndi anzawo ena. Ben-Hur inalekana ndi Titanic n'kukakhala m'gulu la chipembedzo. Schindler's List inalowa m'gulu la makhalidwe, pafupi ndi Gandhi ya 1982 ndi Chariots of Fire ya 1981. Chitsanzo chomveka bwino koposa ndi It's a Wonderful Life ya 1946, yokonzedwa ndi Frank Capra. Nkhani yake ndi ya bambo wina amene watsala pang'ono kudzipha usiku woti mawa ndi Khrisimasi chifukwa ndalama za kuntchito kwake zasowa, ndipo mngelo akumuonetsa m'mene mudzi wake ukanakhalira iye akanapanda kubadwa. A American Film Institute anaiika pa nambala 3 mu nthano za zodabwitsa, chifukwa muli mngelo. A ku Vatican anaiika m'gulu la makhalidwe, chifukwa muli munthu amene akuphunzira kuti moyo wake ndi wamtengo wapatali kwa anzake. Onse anaonera filimu imodzi. Koma munthu amene sanaionepo, akaipeza pa mndandanda woyamba adzayembekezera zamatsenga, akaipeza pa wachiwiri adzayembekezera phunziro.

Gulu la chipembedzo lija n'loyenera kuliyang'ana mofatsa, pakuti muli zina zodabwitsa. Muli ndithu mafilimu a anthu oyera, monga The Passion of Joan of Arc ya 1928, Monsieur Vincent ya 1947, A Man for All Seasons ya 1966 yosimba za Thomas More, ndi Thérèse ya 1986. Koma mulinso The Gospel According to St. Matthew ya 1964, yokonzedwa ndi Pier Paolo Pasolini, munthu amene ankanena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, wotsata maganizo a Marx, yemwe mu 1963 anazengedwa mlandu wonyoza chipembedzo chifukwa cha filimu yake ina yaifupi. Pasolini anatenga mawu a filimuyi m'Mthenga Wabwino wa Mateyo momwe, anakajambulira m'midzi yosauka ya kummwera kwa Italy, anagwiritsa ntchito anthu wamba m'malo mwa akatswiri a zisudzo, ndipo amayi ake omubereka ndi amene anasewera mbali ya Maria pa tsinde la mtanda. Mulinso Nazarín ya Luis Buñuel, amenenso sanali mnzake wa ansembe mpang'ono pomwe. Okonza mndandandawo anayeza filimu, sanayeze chiphaso cha ubatizo cha mwini wake.

Mulinso Babette's Feast ya 1987, ya ku Denmark, m'mene mulibe wansembe wa Katolika kapena chozizwitsa. Mayi wina wa ku France, wothawa nkhondo, akugwira ntchito yophika kwa alongo awiri okalamba a kampingo kouma mtima m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja. Atapambana mafranki 10,000 pa lotale, akuthera ndalama zonsezo pa chakudya cha usiku umodzi, ndipo anthu amene anasungirana mangawa zaka zambiri akuyanjana pa tebulo limenelo. Pa mndandanda wa mitundu khumi uja, ngakhale ikanakhala ya ku America, filimuyi ikanasowa pokhala. Papa Francis anaitchula mu 2016 m'kalata yawo ya Amoris Laetitia, pofotokoza chimwemwe chimene munthu amapeza posangalatsa ena.

M'gulu la luso anaikamo Citizen Kane, Modern Times ya Charlie Chaplin, The Wizard of Oz, 2001: A Space Odyssey, ngakhalenso Nosferatu ya 1922, yomwe ndi ya mzukwa womwa magazi a anthu. Ndikukhulupirira kuti akatekisiti ena angadzidzimuke kumva zimenezi, koma gululi silinali lonena kuti onetsani izi kwa ana a Ukaristia woyamba. Linali lovomereza kuti ntchito yopangidwa mwaluso ili ndi ulemu wake.

Kwa ine, kusaika manambala kuja kunali kwanzeru. Palibe sikelo imene ingatiuze kuti misozi ya Joan of Arc ikulemera kuposa chakudya cha Babette. Komabe mndandandawu uli ndi chilema chake, ndipo tisachibise: mwa mafilimu 45 onsewo mulibe ndi imodzi yomwe yokonzedwa ndi munthu wa mu Africa. Chonsecho pofika 1995, Ousmane Sembène wa ku Senegal anali atakonza mafilimu kwa zaka zoposa 30, Yeelen ya Souleymane Cissé wa ku Mali inali italandira mphotho ku Cannes mu 1987, ndipo chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO chinali chikuchitika ku Ouagadougou kuyambira 1969. Magulu atatu aja anali otakasuka mokwanira kulandira mafilimu otere. Chimene chinachepa ndi maso a osankha.

Izi zikutifikitsa pa mndandanda wachitatu, umene ulibe magulu konse. Magazini ya Sight and Sound ya ku Britain imafunsa akatswiri openda mafilimu, kamodzi pa zaka khumi zilizonse kuyambira 1952, kuti aliyense atchule mafilimu khumi amene akuwaona kuti ndi opambana. Mu 1952 inapambana Bicycle Thieves. Kuyambira 1962 mpaka 2002, maulendo asanu otsatizana, inali Citizen Kane. Mu 2012, pamene anavota anthu 846, Vertigo ya Alfred Hitchcock inalanda malowo. Mu 2022 magaziniyi inakulitsa chiwerengero cha ovota kufika pa 1,639, ochokera m'maiko ambiri, ndipo pamwamba panakwera filimu imene zaka khumi m'mbuyomo sinali ngakhale pakati pa 30 zoyambirira: Jeanne Dielman ya 1975, yokonzedwa ndi Chantal Akerman wa ku Belgium. Filimuyi imatenga maola oposa atatu, ndipo mbali yaikulu imangoonetsa mayi wamasiye akusenda mbatata, akutsuka mbale, akuyala bedi, kwa masiku atatu, mpaka moyo wake wobisika utamuphulikira. Kanali koyamba kuti filimu yokonzedwa ndi mayi ikhale pa nambala 1. M'chaka chomwecho Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty ndi Black Girl ya Sembène, zonse za ku Senegal, zinapezeka pakati pa 100 zoyambirira. Ena anakwiya kwambiri, nati zasokonezedwa ndi ndale za masiku ano. Ena anati mafilimuwa anali abwino kuyambira kale, koma amene ankawadziwa sankafunsidwa. Chodziwika n'chakuti filimu ya Akerman inali yomweyo mu 2012 ndi mu 2022, ndipo chimene chinasintha ndi anthu a pabwalo la milandu.

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi ntchito yanji, popeza ndi zosangalatsa chabe. Ntchito yake ndi yakuti palibe munthu angaonere mafilimu onse, choncho ambiri amaonera zimene mindandanda yawalozera. Filimu yolowa pa mndandanda imakonzedwanso ikayamba kuwonongeka, imaphunzitsidwa m'masukulu, imafunidwa ndi ogula. Yosiyidwa kunja imaiwalika, nthawi zina osati chifukwa choti inagonja, koma chifukwa mulu woti ipikisaniremo panalibe.

Choncho gulu la achinyamata kapena la mphakati likafuna kusanja mafilimu amene mamembala ake amawakonda, nthawi yabwino yomvera aliyense ndi poyamba pomwe, potchula mitu. Anyamata olankhula mokweza akangosiyidwa kuti atchule okha, mitu idzakhala karati, nkhondo ndi mpira, ndipo asungwana ndi akuluakulu adzangovota pa zimene sanasankhe. Mutu ukhozanso kukhala wosayembekezeka: mafilimu a kukhululuka, a ana amasiye, a munthu wokana ziphuphu, a njala.

Tiyese ndi filimu imene ambiri kuno kwathu anaionera, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yokonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndi makina ake oyendera mphepo, m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002. Pa mitundu khumi ya ku America ija palibe pamene ingakwane bwino. Pa magulu atatu a ku Vatican ingalowe m'gulu la makhalidwe, ndipo mmenemo ingakumane ndi Bicycle Thieves ya 1948, yokonzedwa ndi Vittorio De Sica. M'filimu ya ku Italy imeneyi, bambo wosauka wa mumzinda wa Rome wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa malonda m'makoma, ntchito yofuna njinga, koma njingayo yabedwa tsiku loyamba lomwe. Akuyendayenda mumzinda wonse ndi kamwana kake kakamuna kuifunafuna, mpaka iye mwini akuyesa kuba njinga ya wina, n'kugwidwa mwanayo akuona. M'filimu ya ku Kasungu, mwana ndi amene akupempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule, apangire makina opopa madzi, ndipo bambowo akukana mwaukali poyamba, pakuti ndi chuma chokhacho chimene chatsala pakhomo. Mafilimu awiriwa akusiyana zaka 71, chinenero ndi dziko, koma wina atapereka mutu wakuti "bambo, mwana wake ndi njinga", angakhale m'mulu umodzi, ndipo ovota angavutike ndithu kusankha yoyamba.